MLENDO ABWERE, KOMA MWAMBO UKHALE M'MANJA MWA ENI AKE

Chaka ndi chaka, mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji umadzaza ndi galimoto za anthu opita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia. Pakati pawo pamakhalanso alendo ochokera kutsidya kwa nyanja, ofuna kuona Gule Wamkulu ndi maso awo. Galimotozo zimadutsa pa Mpingu ndi pa Namitete mwaliwiro, chonsecho midzi yambiri ya m'mbali mwa msewuwo ndi mizinda ya gule yemweyo. Ife tikuona kuti nthawi yakwana yakuti akuluakulu a Boma ndi aphunzitsi a m'derali aganizire za alendo otere, ndipo aganizire iwo asanachuluke.

Kale mlendo wodzacheza m'dziko muno ankakhutira akaona nyanja, mapiri ndi nyama za m'nkhalango. Lero alipo ambiri ofuna kugona m'mudzi, kudya chimene eni mudzi akudya ndi kufunsa chifukwa chake anthu amachita zimene amachita. Maiko ena a mu Africa adayamba kale kulandira alendo a mtundu umenewu, ndipo tingaphunzirepo kanthu kwa Batooro a kumadzulo kwa Uganda.

Likulu la ufumu wa Tooro lili ku Fort Portal, kufupi ndi mapiri a Rwenzori. Boma la Uganda lidathetsa maufumu m'chaka cha 1967, koma lidawabwezeretsa mu 1993, ndipo mfumu Oyo idalongedwa mu 1995 ili ndi zaka zitatu zokha. Alendo amapita kukaona nyumba yachifumu pamwamba pa phiri, komabe chimene ambiri amabwerako akusimba ndi mwambo wa maina wotchedwa empaako. Mwana akabadwa, achibale amasonkhana pakhomo, amadyera pamodzi, ndipo kuwonjezera pa dzina lake amampatsa limodzi mwa maina khumi ndi awiri aulemu, monga Akiiki, Amooti, Abwooli kapena Araali. Kumtchula munthu ndi dzina limeneli ndiko kumlonjera, kumthokoza ndi kumpepesa. Mu 2013 bungwe la UNESCO lidaika empaako m'gulu la miyambo yofunika kuitchinjiriza mwamsanga, chifukwa mabanja ochita mwambowo adayamba kuchepa.

Phunziro lake ndi lakuti chimene chimakopa mlendo ndi mwambo umene eni ake akali kuuchita pakati pa iwo okha. Akausiya, palibe nyumba yosungiramo zakale imene ingauukitse.

Nafenso tili nacho chofanana ndi empaako. Kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni munthu wamkulu satchulidwa dzina wamba. Timati aPhiri, aBanda, aMbewe, kapena Naphiri ndi Nabanda, ndipo mayi akalandira mphatso amayamikira potchula chiwongo. Mlendo amene angakhale masiku atatu m'mudzi wa kufupi ndi Nsaru kapena Nambuma adzamva zimenezi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Adzaona amayi akusinja pa mtondo ndi kupeta ndi lichero, adzamwa thobwa, adzadya nsima ndi nkhwani wotendera, adzalowa m'chigafa cha fodya. Akafunsa adzauzidwa za chikamwini, za mbumba, ndi za udindo wa atsibweni pa ana a mlongo wawo. Akafuna mbiri yakale, nkhalango ya Dzalanyama siili kutali. Kumeneko kuli Kaphirintiwa, kumene makolo ankati anthu oyamba adatsikira, ndiponso kufupi ndi kumeneko kuli Msinja, kumene Makewana ankapempherera mvula. Zonsezi zilipo kale, sizifuna kuti Boma limange kanthu.

Pamene pafunika nzeru ndi pa Gule Wamkulu. UNESCO idalengeza mu 2005 kuti guleyu, amene amavinidwa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Ulemu umenewu udadza chifukwa gule ali ndi ntchito yake m'mudzi. Amatuluka pa maliro, pa mpalo, pa chinamwali ndi polonga mfumu, makamaka m'chilimwe anthu atakolola. Kasiyamaliro amaperekeza mzimu wa womwalira. Chadzunda, Maliya ndi Simoni aliyense ali ndi chimene amaphunzitsa kapena kudzudzula. Mlendo akangoimitsa galimoto, natulutsa ndalama kuti zilombo zimvinire iye yekha masana a tsiku lililonse, chimene waona ndi chigoba chabe, ndipo anyamata amene avinawo aphunzira kuti mwambo wa makolo uli ndi mtengo wake ngati mbuzi pa msika. Ifeyo taonapo gule akuvinitsidwa pa khonde la hotela, popanda mwini mzinda, popanda amayi oyimba, ndipo tidachita manyazi.

Pachifukwa ichi tikuti chilolezo chichokere kwa mafumu ndi eni mizinda. Iwo ndiwo anene tsiku limene mlendo angafike pa bwalo, malo amene angakhale, ndi zimene angajambule. Za kudambwe ndi zakudambwe, ndipo palibe ndalama imene ingatsegule njira yopita kumeneko. Mlendo waulemu sadzadandaula akauzidwa malire. Amene adapitako ku Mua, ku Kungoni kumene kudayamba ntchito mu 1976, akudziwa kuti nkotheka kufotokozera mlendo tanthauzo la gule momveka bwino ndi mwaulemu.

Akuluakulu a Boma nawonso ali ndi gawo lawo. Ndalama imene mlendo wasiya isathere m'thumba la womperekeza wochokera m'tauni. Pakhale mgwirizano wodziwika pakati pa mudzi ndi obweretsa alendo, wolembedwa ndi kuwerengedwa pa bwalo anthu onse akumva, kuti mayi wophika, mkulu wofotokoza mbiri ndi banja losunga mlendo alandire zowayenera, ndipo china chipite ku ntchito za mudzi monga mjigo kapena denga la sukulu. Ndalama yolowa mobisa ndiyo imagawanitsa mudzi.

Kwa aphunzitsi tikuti ntchito yanu ndiyo yaikulu koposa. Mwana wosadziwa chiwongo cha amayi ake adzamuuza chiyani mlendo? Tumani ana akafunse agogo awo za mbiri ya mudzi, maina a mitsinje ndi miyambi, ndipo azilembe m'Chichewa chabwino. Mwa ana omwewa ndimo mudzatuluke otanthauzira ndi operekeza alendo a m'tsogolo, ochokera m'mudzi momwemo. Komanso khalani maso kuti kubwera kwa alendo kusatulutse mwana m'kalasi. Tsiku la sukulu ndi la sukulu, ndipo mphunzitsi wamkulu agwirizane ndi mfumu pa nkhani imeneyi alendo asanafike.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iye adzakwera ndege yake pa Lumbadzi ndi zithunzi zake, koma ife tidzatsala ndi midzi yathu, ana athu ndi maliro athu amene adzafunabe gule. Tiyeni timlandire ndi manja awiri monga mwa chikhalidwe chathu, timuyalire mphasa, timpatse madzi osamba m'manja, ndipo timuonetse zimene eni mudzi avomereza kuti aone.