Motoka za magetsi nazonso zimafuna oilo

LUSAKA – Amakanika a mu Matero, Chawama ndi Kanyama anazolowela kucotsa oilo wakuda mu injini za petulo ndi dizilo. Koma motoka za magetsi, zimene boma linazicotsela msonkho wa kasitomu mu bajeti ya caka ca 2024, zimafuna luso lina.

Motoka zimenezi zilibe injini yotentha mafuta, koma zili ndi giyabokosi yaing'ono imene imatenga mphamvu ku mota n'kuipeleka ku mawilo. Mota imeneyi imatha kuzungulila maulendo oposa 10,000 pa mphindi imodzi, ndipo popanda oilo mano a magiya amatentha ndi kudyeka.

Mu Nissan Leaf, magiya amamwaza oilo okha akamazungulila. Mu Tesla Model 3 muli pampu ya magetsi imene imakankha oilo kuti aziziletsenso mota. Oilo akacepa zitsulo zimakhulana, ndipo akaculuka magiya amalemedwa, batile n'kutha msanga.

M'motoka zimene oilo amakhudza mota, amafunika kukhala wosadutsa magetsi komanso wosadya mawaya a mkuwa. N'cifukwa cake oilo wa injini wogulidwa m'mbali mwa mseu sayenela kuthilidwamo.

Vuto lina limabwela m'nyengo ya mvula, pamene miseu ya mu Kanyama imadzala madzi. Madzi akalowa m'giyabokosi, oilo amaoneka ngati mkaka ndipo amaleka kuteteza zitsulo. Woyendetsa amene wadutsa m'madzi akuya ayenela kupimitsa oiloyo mwamsanga, ndi kuthilamo mtundu wokhawo umene unalembedwa m'buku la motokayo.