Ulendo wa ku Bazaruto

Caka ciliconse tsiku la ukwati limabweranso. Bambo ndi mayi amalikumbukira. Ena amapha nkhuku pakhomo. Ena amasunga ndalama nthawi yaitali, napita kukapuma ku cilumba ca Bazaruto.

Cilumbaci cili m'cigawo ca Inhambane. Cazunguliridwa ndi madzi, kotero bambo ndi mayi amakwera bwato ku Vilankulo. Akafika amagona ku hotela, pafupi ndi mcenga woyera.

Nyanja ya kumeneko si ngati nyanja ya Niassa. Madzi ake ndi amcere, samwedwa. Tsiku lililonse madziwo amabwerera m'mbuyo, kenaka amadzazanso. Mayi akaiwala nsapato pamcenga wonyowa, madzi amazitenga!

M'nyanjamo muli akamba akuluakulu. Alendo amangowaona. Lamulo limaletsa kuwapha kapena kutola mazira awo.