Mboni khumi kapena pakamwa khumi?

Abale ndi alongo amene muli pafupi ndi wailesi, lero tikambe za nkhani zimene timawerenga pa intaneti. Ambirife tikafunsidwa kuti mwadziwa bwanji kuti ndi zoona, timayankha kuti, "Ndaziona malo ambiri." Malo ambiri, eti? Tiyeni tione bwino.

Pa Deuteronomo 19:15, chilamulo cha Mose chinakana kuti munthu aweruzidwe ndi mboni imodzi. Pankafunika awiri kapena atatu. Koma mboni ndi munthu amene anaona ndi maso ake. Anthu khumi akamabwereza zimene anamva kwa munthu mmodzi, pamenepo muli ndi pakamwa khumi koma mboni ndi imodzi yomweyo. Masamba a pa intaneti amakoperana. Wina walemba m'mawa, pofika masana ena makumi awiri atenga mawu omwewo, ngakhale pamene analakwitsa kalembedwe osakonza. Mukaona mawu akufanana chonchi, dziwani kuti chitsime ndi chimodzi. Funafunani amene anayamba kunena.

Ndikupatseni chitsanzo, ndipo ndi cha mlaliki wa pa wailesi, kuti musati tikungoloza akunja kwa mpingo. Ku America kunali Harold Camping, mtsogoleri wa Family Radio ku Oakland, California. Iye analengeza kuti mkwatulo udzachitika pa 21 Meyi 2011. Uthengawo unali pa wailesi, pa zikwangwani za m'misewu, pa intaneti, m'zinenero zambiri. Ukayang'ana uku ulipo, ukayang'ana uko ulipo. Koma zonsezo zinkachokera m'masamu a munthu mmodzi. Ena anasiya ntchito, ena anawononga ndalama zimene anasunga kwa zaka zambiri. Tsiku linafika, dzuwa linalowa, kunacha. Iye anasuntha tsikulo kuti ndi 21 Okutobala, nalonso linadutsa, ndipo mu 2012 anavomera kuti analakwa.

Chowawa n'chakuti aliyense akanafufuza pang'ono chabe akanapeza kuti bambo yemweyo anatchulapo kale chaka cha 1994, osachitika kanthu. Mbiri ya wolankhula ndi umboninso. Ndipo Baibulo linali m'nyumba zawo momwemo: Mateyu 24:36 amatseka khomo kwa aliyense wofuna kutchula tsiku. Muli nane?

Tsono nkhani ikakufikani, yang'anani ngati wolemba waika dzina lake, ndi ngati alipo pomupeza atanama. Yang'ananinso tsiku, chifukwa chithunzi cha ngozi yakale m'dziko lina chimabwera ngati kuti zachitika dzulo kwathu kuno. Kukongola kwa tsamba sikunena kanthu. Mtanda ndi nkhunda aliyense angathe kujambula pamwamba. Likayamba kukuthamangitsani, lakuti tumizani kwa anthu khumi msanga, kapena lakupemphani nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni, litsekeni basi.

Pamene ndikuopa kwambiri ndi pa matenda. Ife timakhulupirira kuti Yesu amachiritsa, aleluya, ndipo timapempherera odwala. Koma tsamba lopanda dzina likakuuzani kuti siyani ma ARV kapena mankhwala a shuga chifukwa kwapezeka muzu wina wake, wolembayo sadzabwera pa maliro anu. Mayi anga, bambo anga, tengani foniyo mupite nayo kuchipatala, mukawaonetse adokotala nkhaniyo, ndipo mankhwala a usiku uno mumwe.