Batire la Magetsi a Dzuwa Kunyanja

Omvera a ku Mangochi, Monkey Bay ndi Makanjira akudziwa kuti dzuwa silisowa. Chimene chimayamba kufa pa magetsi a dzuwa ndi batire. Batire la asidi limafuna kutentha kwa madigiri 25. Kukakwera ndi madigiri 10, moyo wake umadulidwa pafupifupi pakati. Batire lachinyengo ndiye silipirira n'komwe kutentha kwa Okutobala. Choncho wogula afunse umboni wakuti linavomerezedwa ndi Malawi Bureau of Standards, ndipo mmisiri wolumikiza aonetse chiphaso cha MERA.

Kumaiko ena mita imawerenga uku ndi uku: magetsi otsala masana amalowa m'nthambo za kampani, mwininyumba nawatenganso usiku. Koma msodzi wokhala kutali ndi nthambo za ESCOM nkhokwe yake ndi batire basi. Alisunge pamthunzi, podutsa mphepo.