Nyimbo ndi yanu, koma YouTube ikudziwa dzina la wina

Dandaulo la oimba limafanana kulikonse: woimba wagulitsa mbuzi kuti alipire situdiyo ndi wojambula kanema, nyimbo yaphulika, koma pa YouTube ili pa tchanelo cha munthu wina. Choipitsitsa, akaika yekha kanema wake amalandira uthenga woti waba nyimbo ya eni.

Za lamulo sitichedwapo. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limakutetezani kuyambira tsiku limene nyimbo yajambulidwa, moyo wanu wonse ndi zaka 50 mutamwalira. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama ku mawayilesi ndi malo azisangalalo, komanso limagawa ndalama zochokera pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni. Kalembetseni ku bungweli, ndipo nyimbo yatsopano iliyonse muzikaipereka. Koma musaganize kuti mwathana nazo.

Povuta ndi apa. YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID, amene amamvetsera kanema aliyense woikidwa n'kumufananiza ndi nyimbo zimene anapatsidwa kale. Makinawa safunsa kuti anapeka ndani. Amadziwa amene anabwera nayo poyamba. Woimba wamba sapatsidwa makinawa mwachindunji. Amadzera kwa makampani ofalitsa nyimbo monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby. Ndiye ngati munatumiza nyimbo m'magulu a WhatsApp musanailembetse, wochenjera wina akhoza kuilembetsa m'dzina lake usiku womwewo. Mukatsutsa, iye amapatsidwa masiku 30 oti ayankhe, inu mukungodikira, nyimbo ikuzizira.

Ndipo akakufunsani umboni, mupereka chiyani? Ambiri anagwirizana ndi prodyusa pakamwa, mwina pakhonde la situdiyo atagwira botolo la Fanta. Lembani pepala: anapeka mawu ndani, biti ndi ya ndani, aliyense atenga gawo lanji, nonse musayine. Sungani mafayilo oyambirira a nyimbo ndi malisiti. Biti yogula pa intaneti, imene yagulitsidwanso kwa anthu ena, siloledwa mu Content ID, ndipo wogulitsa mwina sangakukumbutseni zimenezi.

Ndalama za pa tchanelo nazo zili ndi mpanda wake: olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 owonera m'miyezi 12, ndipo YouTube silipira mpaka zitakwana $100. Kwa zaka zambiri Malawi sinali pa mndandanda wa mayiko olandira ndalamazi, n'chifukwa chake oimba amapempha achibale a ku Johannesburg kuwatsegulira tchanelo. Apa ndi pamene ubale umathera. Mwini imelo ndi pasiwedi ndiye mwini tchanelo, kaya nkhope ya pa kanema ndi yanu.

Zodula zobisika ziliponso. Ena mwa makampani ofalitsa nyimbo aja amafuna malipiro chaka ndi chaka, m'madola, pamene khadi la kubanki likukana chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. DistroKid imatapa 20 pa 100 pa ndalama za Content ID, ndipo boma la America limadula msonkho wofika 30 pa 100 pa zochokera kwa owonera akumeneko.

Wina akaika kanema wanu popanda chilolezo, YouTube ili ndi fomu yaulere yopempha kuti amuchotse, ndipo tchanelo chikalandira machenjezo atatu chimatsekedwa. Fomuyo lembani nokha, m'dzina lanu lenileni. Nyimbo yotsatira musaitumize kwa aliyense, ngakhale kwa DJ mnzanu, pepala lija lisanasayinidwe.