Diso la pa Makwerero Lione Mbala, Lisasuzumire kwa Mnansi

Mabanja okhala m'nyumba zosanjikizana za mu Lusaka, monga za ku Kabwata, amalowera pa cipata cimodzi, kukwera makwerero amodzi ndi kuyanika zovala pa bwalo limodzi. Cipata cikagona cosatseka, akawalala amawabera onse. N'cifukwa cake anthu ena amafuna kuika makamera m'makonde.

Koma kamera sisankha coona. Imene yaikidwa kuti igwire wakuba imaonanso nthawi imene mnansi wabwerera kunyumba, mlendo amene wafika kwa mai wamasiye, ndiponso wodwala amene abale akutuluka naye usiku. Zithunzi zotere zikakhala m'foni ya munthu mmodzi, mawa zimapezeka pa WhatsApp, ndipo mbiri ya banja imaipa popanda mlandu.

Nanga makwererowo mwini wake ndani? M'caka ca 1996 Boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo. Wogula anakhala mwini wa khomo lake, koma palibe amene anagula makwerero payekha. Lamulo la Common Leasehold Schemes la 1994 limati nyumba ikalembetsedwa pansi pake, malo ogwiritsa nchito onse amayang'aniridwa ndi bungwe la eni nyumbawo. Motero kamera ya m'khonde ndi nkhani ya onse, osati ya amene ali ndi ndalama zoigulira.

Malamulo a dziko nawonso amateteza cinsinsi ca munthu. Gawo 17 la malamulo aakulu a dziko la Zambia limaletsa kulowa pakhomo pa munthu kapena kusanthula katundu wake iye asanalole, kupatula pamene lamulo lavomereza. Lamulo la Data Protection la 2021 limati zokhudza munthu zisonkhanitsidwe pa cifukwa codziwika, ndipo zisasungidwe kupitirira nthawi yofunika.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Kamera isanakhomedwe, okhala m'nyumbamo, eni ndi a lendi omwe, ayenera kukhala pansi ndi kumvana. Iyang'ane ku cipata ndi poimika magalimoto, osati pa citseko kapena pa zenera la munthu. Pakhale cikwangwani codziwitsa alendo kuti akujambulidwa. Zithunzi azisunge anthu osankhidwa ndi onse, azifafanize pakapita masiku ogwirizana, ndipo azionetse kwa apolisi okha pakacitika mlandu.

Banja limene ladziwa kuti kamera ikulondera cipata limagona tulo. Limene likukayika kuti ikulondera ilo limayamba kudana ndi anansi, ndipo anansi odana sadzutsana mbala ikafika.