Chinchila amakhalitsa m'khola, koma kwawo kumapiri akutha

Chinchila ndi kanyama ka kumapiri a Andes ku South America, wachibale wa mbira zimene ena amaweta kuno kwathu. Kamalemera magalamu 400 mpaka 800, kali ndi makutu aakulu, mchira wa ubweya wambiri, ndipo kakakazi kamaposa kakamuna kukula. Kutchire kamakhala zaka 8 mpaka 10, pamene m'nyumba za anthu ku America ndi ku Ulaya kamafika zaka 15 ngakhale 20. Chinchila wina dzina lake Radar anafa mu 2014 ku California ali ndi zaka 29 ndi masiku 229, ndipo analembedwa m'buku la Guinness World Records. Munthu akamva zimenezi amafulumira kunena kuti khola laposa phiri, ndiponso kuti mtundu wa kanyamaka uli pabwino. Maganizo onse awiriwa ndi olakwika. Chinchila amakhalitsa pokhapokha woweta akamubweretsera m'nyumba zomwe phiri limapereka, ndipo kuchuluka kwa achinchila a m'makola sikuwathandiza amene atsala kumapiri.

Thupi la kanyamaka linaumbidwa mogwirizana ndi dziko louma, lamiyala ndi lozizira usiku. Pa kachiboo kamodzi ka pakhungu, pomwe munthu amamera tsitsi limodzi kapena awiri, chinchila amamera ubweya woposa 50. Chofunda chotere n'chabwino pamphepo ya kumapiri koma n'choopsa kotentha, chifukwa chinchila satuluka thukuta. Kutentha kukapitirira madigiri 25 amayamba kuvutika. Makutu amafiira, amapuma mwawefuwefu, amagona cham'mbali, ndipo kukafika cha m'ma 30 akhoza kufa tsiku lomwelo. Ubweya womwewo ndi umene umamuletsa kusamba madzi, popeza ukanyowa suuma msanga, ndipo chinyezi chotsalira pakhungu chimabweretsa chipere ndi zilonda. Kwawo amadzigubuduza m'fumbi la phulusa lochokera m'mapiri ophulika, lomwe limayamwa mafuta ndi chinyezi. Woweta amayenera kumuikira fumbi losalala ngati limeneli m'beseni kawiri kapena katatu pa sabata. Mchenga wa kumtsinje suthandiza: ndi wokhakhala, umathothola ubweya ndi kupweteka maso.

Mano ndi m'mimba mwake nazo zimafuna chakudya cha kwawo. Mano onse a chinchila, akutsogolo ndi otafunira omwe, amakula moyo wake wonse, ndipo amaperepeseka akamatafuna udzu wolimba, makungwa ndi masamba ouma. Akasowa zimenezi mano amatalika mokhota, amabaya lilime ndi masaya, mizu yake imaloza kumaso, kenaka kanyamako kamachucha dovu, kamasiya kudya ndi kuwonda mpaka kufa. N'chifukwa chake chakudya chenicheni cha chinchila woweta ndi udzu wouma wosatha m'khola, chakudya chogula chochepa chabe, madzi oyera ndi timitengo toti azingoteketa. Mano athanzi amakhala achikasu chofiirira. Akayera ndiye kuti china chake chasowa m'thupi. Chimene chimapha ambiri ndi chikondi cha mwini wake: zipatso zotsekemera, mtedza, mphesa zouma ndi buledi. Matumbo ozolowera chakudya cha m'chipululu sapirira shuga ndi mafuta, kotero m'mimba mumatupa kapena kutsegula. Dzanja lopatsa likhoza kufupikitsa moyo wa kanyamaka kuposa nkhandwe.

Palinso za khalidwe lake. Kutchire achinchila amakhala m'magulu, nthawi zina okwana 100 pagulu limodzi, amabisala m'ming'alu ya miyala masana n'kutuluka madzulo ndi usiku. Amatha kudumpha pafupifupi mamita awiri. Choncho khola lake liyenera kukhala lalitali, lokhala ndi mashelefu odumphirapo ndi pobisala, pamalo opanda phokoso masana, ndipo ndi bwino akhale ndi mnzake. Sakonda kunyamulidwa, ukamugwira mwamphamvu amasiya ubweya m'manja mwako, njira yomwe amapulumukira m'kamwa mwa chilombo. Si kanyama koti mwana azisewera nako. Mwana amene wapatsidwa chinchila ali mu Sitandade 3 akhoza kumaliza sukulu, kupeza ntchito ndi kukwatira kanyamako kakadali moyo, ndipo masiku onsewo chipinda chiyenera kukhala chozizira. Kuno kwathu, kumene mwezi wa Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 30 m'madera ambiri ndipo magetsi amathimathima, izi zokha n'zokwanira kumuuza munthu kuti asayerekeze.

Wina anganene kuti zaka sizinama: ngati chinchila wa m'khola amakhala kawiri kuposa wa kutchire, ndiye kuti kukhola n'kwabwino. Pali choonadi pang'ono pamenepa. Khola limachotsa kadzidzi, nkhandwe ya kumeneko yotchedwa culpeo, chilala ndi njala, ndipo izi ndi zimene zimadula moyo wa chinchila kuphiri. Koma zaka 20 zija zimafikidwa ndi osamalidwa bwino okha. Amene amafa ali aang'ono chifukwa cha kutentha, mano kapena chakudya cholakwika satchulidwa m'mabuku a mbiri. Komanso kutalika kwa moyo sikutiuza za kukoma kwake. Chinchila wosungidwa yekha m'kakhola kopanikiza amayamba kudziluma ubweya mpaka kusiya zigamba, khalidwe limene madokotala a ziweto amati limayenderana ndi nkhawa ndi kusowa chochita. Khola limangochotsa adani; zina zonse zimene phiri linkapereka kwaulere zimakhala ngongole ya woweta.

Kuti timvetse za achinchila a kutchire tiyenera kubwerera kumbuyo. Dzina lawo linachokera kwa anthu a mtundu wa Chincha a ku Peru, amene ankavala ubweya wake. Msika wa ku Ulaya ndi ku America utaudziwa ubweyawu, alenje anasesa mapiri, moti cha m'ma 1900 dziko la Chile linkatumiza kunja zikopa pafupifupi 500,000 pa chaka. Chikhoto chimodzi chachitali chimadya zikopa zoposa 100. Kanyamaka sikakanatha kubweza chiwerengero chotere, chifukwa sikaswana ngati mbewa: kamatenga bere masiku 111, kawirikawiri n'kubereka ana awiri okha, amene amabadwa ali ndi ubweya kale komanso maso ali otsegula. Mu 1910 mayiko a Chile, Bolivia, Peru ndi Argentina anagwirizana zoletsa malondawa, koma mitengo ya zikopa inakwera ndipo kusaka mozemba kunapitirira. Mu 1923 Mathias Chapman, katswiri wa migodi wa ku America amene ankagwira ntchito ku Chile, anafika ku California ndi achinchila 11. Ambiri mwa amene akuwetedwa lero anachokera ku kagulu kameneka.

Apa ndi pamene pamachokera mfundo yachiwiri ya otsutsa: kodi si kuweta kumene kunapulumutsa chinchila? Kunena zoona, chifukwa cha mafamu ndi makola, kanyamaka sikadzasowa pamaso pa anthu. Koma ana a kagulu kochepa chotere ali ndi magazi ofanana kwambiri, ndipo kwa zaka 100 akhala akusankhidwa chifukwa cha kukula kwa chikopa ndi mtundu wa ubweya, ena oyera, ena akuda, osati chifukwa cha luso lozemba kadzidzi. Komanso mitundu ya chinchila ndi iwiri. Oweta ambiri ndi a mchira wautali, pamene wa mchira waufupi, wokhala pamwamba penipeni pa Andes, khola silinamuthandize kwenikweni. Bungwe loona za chilengedwe la IUCN limaika mitundu yonse iwiri m'gulu la nyama zomwe zili pangozi yoti zikhoza kutha. Wa mchira wautali ankaganiziridwa kuti anatheratu kutchire mpaka pamene anapezekanso m'ma 1970 pafupi ndi tawuni ya Illapel ku Chile, kumene mu 1983 boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Las Chinchillas.

Mdani wa lero salinso mlenje yekha. Mbuzi zimadya zomera zimene achinchila amadya ndi kubisalamo, anthu amadula tchire kufuna nkhuni, ndipo migodi imakumba miyala yomwe ndi nyumba zawo. Kampani ya Gold Fields ya ku Johannesburg itafuna kukumba golide pa Salares Norte kumpoto kwa Chile, inayenera kusamutsa achinchila 25 a mchira waufupi. Mu 2020 awiri mwa oyamba kusamutsidwa anafa, ndipo akuluakulu oona za chilengedwe m'dzikolo anaimitsa ntchito yosamutsayo. Ngati kusuntha kanyama kobadwira kuphiri kuchoka pa miyala ina kupita pa ina kuli kovuta chonchi, n'kulota kuganiza kuti tsiku lina tidzatsegula makola a ku London ndi ku California n'kudzazanso mapiri.

Choncho mafunso ndi awiri, ndipo yankho la limodzi silithetsa linzake. Wofuna kuweta chinchila adzifunse ngati angakwanitse chipinda chozizira, udzu wouma, fumbi losambira, mnzake wa kanyamako ndi dokotala wodziwa mano ake kwa zaka 20. Ngati sangathe, kukana kugula ndiko kukasamala. Wofuna kuti mtunduwu usathe ayang'ane ku Chile ndi ku Bolivia, pa malamulo a migodi, pa malo odyetsera mbuzi ndi pa malire a malo otetezedwa, chifukwa kumeneko n'kumene nkhaniyi idzagamulidwe.